BAMBO JULES TORREND, WOPHUNZIRA WA ENI CHINENERO

Mwa ansembe a Chipani cha Yezu amene adagwira ntchito m'chigwa cha Zambezi, Bambo Jules Torrend akumbukika chifukwa cha khutu lawo. Iwo adabadwira ku France m'chaka cha 1861, ndipo adafika ku South Africa ali mnyamata, asanadzozedwe unsembe. Masiku amenewo zinenero zambiri za kuno zidali zisanalembedwe. Wofuna kuzidziwa adalibe buku loti atsegule; adayenera kukhala pansi pamaso pa mwini chinenero, kufunsa, kumvera ndi kulemba.

Chinenero choyamba chimene adachizama ndi Chixhosa. Koma ali komweko ku Cape adakomana ndi amuna atatu Achitonga ochokera ku Zambezi, ndipo iwowa ndiwo adasanduka aphunzitsi ao. Sadangowafunsa maina a zinthu, monga achitira mlendo wofuna kugula nkhuku. Adawapempha kuti asimbe za kwao, za mafumu, za mvula, za mizimu ndi za maliro; iwo nkumalemba liu ndi liu monga lidatulukira pakamwa. Malamulo a chinenero adawatola pambuyo pake m'nkhani zomwezo. Njira imeneyi iteteza wolemba ku cholakwa chofala, chotenga chiganizo cha Chilatini kapena Chipwitikizi nkuchiveka mau achikuda. Mwini chinenero akamasimba zimene azidziwa, mau aima m'malo ao enieni.

Mau atachuluka, Bambo Torrend adayamba kuwayerekeza. Mtonga amati muntu, ambiri bantu. Mxhosa amati umntu, ambiri abantu. Mnyanja ndi Msena amati munthu, ambiri anthu. Adaona kuti maina agawika m'magulu potsata mphatikiram'mbuyo zao, ndi kuti gulu la dzina lilamulira mneni, mfotokozi ndi chiwerengero m'chiganizo chonse. Wilhelm Bleek adaiyamba ntchito yotere, koma adamwalira mu 1875 asanaitsirize. Mu 1891 ku London kudatuluka buku la Bambo Torrend, A Comparative Grammar of the South African Bantu Languages, iwo ali ndi zaka 30 zokha. Chitonga ndicho adachiika ngati muyeso woyezera zinenero zinazo. Kumapeto kwa bukulo adasindikiza nkhani za Atonga aja m'chinenero chao, pamodzi ndi nthano za Chixhosa ndi nyimbo zake, kuti wowerenga aone yekha kumene malamulowo adachokera.

Atakhala wansembe adatumidwa ku Mozambique. Kumeneko adayambanso ngati mwana wa sukulu. Adalemba nthano za Chichuwabo, chinenero cha ku Quelimane. Adaphunzira Chinyungwe cha ku Tete. Ndipo mu 1900 makina osindikizira a mishoni ya Chupanga adatulutsa Grammatica do Chisena. Pambuyo pake adakhala ku Miruru, pafupi ndi Zumbo. Mu 1905 adatsegula mishoni ya Kasisi, kufupi ndi pamene pali mzinda wa Lusaka lero, m'dziko la Zambia, limene panthawiyo lidali m'manja mwa Angelezi.

Kumeneko adapeza mankhwala a vuto limene lidawasautsa kuyambira kale. Cholembera chiyenda pang'onopang'ono kuposa lilime. Wokamba nthano akaimitsidwa kawirikawiri kuti wolemba amupeze, nthano izizira: afupikitsa, adumpha nyimbo, ndipo ovomereza atopa nakhala chete. Cholembedwacho chikhala mafupa okhaokha. Bambo Torrend adatenga fonogarafu, makina akale ojambula mau, nalola wokambayo kuti akambe ndi kuimba mwa ufulu wake, anthu akuvomereza monga achitira madzulo pamoto. Atatero ankabwereza mauwo kangapo ndi kuwalemba mosathamanga. Nthanozo zidasindikizidwa mu 1921 m'buku la Specimens of Bantu Folk-Lore from Northern Rhodesia, ndipo mutu wa bukulo unena poyera kuti zidatoledwa ndi chithandizo cha makinawo. Mu 1931 adatulutsa buku lomasulira mau a Chitonga, Chiila, Chilenje ndi zinenero zina zapachibale. Onsewa ponena anthu atatu amati bantu botatwe, ndipo mau amenewa ndiwo adasanduka dzina la banja lonselo. Akatswiri a zinenero akali kulitchula choncho.

Si zonse zimene adalemba zidakhalitsa. Monga ophunzira ambiri a nthawi yao, adayesa kulumikiza chiyambi cha anthu a kuno ndi mitundu yotchulidwa m'Malembo Oyera ndi m'mabuku a Aluya akale, ndipo maganizo amenewo adasiyidwa. Kuika Chitonga ngati muyeso nakonso kudalekeka, Carl Meinhof atasonyeza mu 1899 njira ina, yoyerekeza mamvekedwe a mau kuti apeze chinenero cha makolo chimene zonsezi zidachokerako. Chimene sichidakalambe ndicho mau a anthu eni. Nkhani za Atonga atatu aja ndi nthano za ku Zambia ziwerengeka lero monga tsiku limene zidakambidwa, pakuti wansembeyo sadazikonze kuti zigwirizane ndi nzeru zake.

Bambo Torrend adamwalira mu 1936, atatha zaka zoposa 40 m'maiko a Zambezi. Katekisimu, nyimbo ndi mapemphero a m'zinenero za kuno sizikadalembeka popanda ntchito yotere, ndipo ntchitoyo idali ya anthu awiri: mlendo wogwira cholembera, ndi mwini mudzi amene adapirira kubwereza liu limodzi mpaka mlendoyo atalimva bwino. Ambiri mwa aphunzitsi amenewo maina ao sali pa chikuto cha buku lililonse. Mpingo powakumbukira Bambo Torrend, uwaike pamodzi nao m'mapemphero ake. Mulungu awapatse onsewo mpumulo wosatha.