Dr. Kevin Cullen, dotolo yemwe adayeza tauni yonse ya Busselton

Ambiri mwa ife okhala kuno ku Perth tidapitako ku Busselton pa tchuthi, n'kukajambulitsa pa mlatho wamatabwa wolowa m'nyanja uja. Koma tauniyi, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 220 kummwera kwa Perth, imadziwikanso kwa madotolo a m'mayiko ambiri chifukwa cha malemu Dr. Kevin Cullen. Nkhani yawo ikutikhudza ife tonse amene GP adatiuzapo kuti mafuta a m'magazi, aja amati kolesterolo, akwera.

A Cullen adabadwira ku Bunbury mu 1922. Masiku amenewo ku Western Australia kudalibe sukulu ya udotolo, choncho adakaphunzira ku Melbourne. Adakwatira mayi Diana a ku Tasmania, omwe ntchito yawo idali yothandiza odwala kulimbitsa minofu ndi mafupa, ndipo mu 1948 banjali lidakhazikika ku Busselton. Kumeneko a Cullen adali dotolo wa aliyense, kuyambira makanda mpaka agogo. Mu 1962 adalandira digiri yapamwamba ya udotolo ku University of Western Australia.

Mtima wawo udali pa kupewa matenda. Nthenda ya mtima nthawi imeneyo imapha anthu ambiri m'dziko muno, ena akadali ndi mphamvu zawo, ndipo kawirikawiri dotolo amamuona munthu zinthu zitafika kale poipa. Ku America kafukufuku wotsata umoyo wa anthu a m'tauni ya Framingham adali atayamba mu 1948. A Cullen adaona kuti Busselton nayo ikhoza kuphunzitsa dziko.

Mu 1966 adaitana akuluakulu onse a m'deralo kuti akayezedwe, odwala ndi abwinobwino omwe. Adathandizana ndi madotolo a ku Perth komanso anthu ongodzipereka a m'tauni momwemo. Mwa akuluakulu 10 alionse, oposa 9 adabwera, onse pamodzi kupitirira 3,000. Adawayeza kuthamanga kwa magazi, shuga, kolesterolo, mapapo, msinkhu ndi kulemera kwa thupi. Kuyezaku kumachitika zaka zitatu zilizonse mpaka 1981, ana asukulu nawo amayezedwa, ndipo kafukufukuyu akupitirirabe lero. Potsata anthu omwewo kwa zaka zambiri, madotolo adatha kuona momwe fodya, BP, shuga ndi kolesterolo zimakhudzirana ndi matenda a mtima ndi sitiroko.

Udotolo sudawalepheretse ulimi. Mu 1971 iwo ndi mayi Diana adabzala mpesa ku Wilyabrup, kufupi ndi Margaret River, ndipo Cullen Wines idayambira pamenepo. Banjali lili m'gulu la oyambirira kulima mphesa za vinyo m'dera lija.

Pomwe kafukufuku wa ku Busselton amayamba, mankhwala a statin kudalibe. Akira Endo wa ku Japan adapeza woyamba mu nkhungu mu 1973, ndipo woyamba kugulitsidwa, lovastatin, adaloledwa ku America mu 1987. A Cullen adamwalira mu February 1994. Kumapeto kwa chaka chomwecho kafukufuku wa anthu 4,444 odwala mtima ku Scandinavia adaonetsa kuti simvastatin amachepetsa imfa. Mu 1998 kafukufuku wa LIPID, wa anthu 9,014 a ku Australia ndi New Zealand, adapeza zofanana pa pravastatin.

Nanga zovuta za mankhwalawa, zomwe timakonda kukambirana pa maliro ndi pa zinkhoswe zija? Zilipo ndithu. Ena amamva kuphwanya kwa minofu. Mwa ochepa shuga amakwerako. Kuonongeka kwenikweni kwa minofu kumachitika mwa apo ndi apo, ndipo chizindikiro chake ndi ululu waukulu, kufooka ndi mkodzo wakuda. Zikatero, kuchipatala msangamsanga. Simvastatin ndi atorvastatin sagwirizananso ndi chipatso cha grapefruit. Komabe kusiya kumwa mwakachetechete n'koopsa, makamaka kwa yemwe adadwalapo mtima kapena sitiroko. Tikaona zachilendo tiwauze a GP, chifukwa akhoza kuchepetsa mlingo kapena kusintha mtundu wa mankhwala.

Kumbali ya zakudya, za kwathu zija n'zothandiza: nyemba, nandolo, khobwe, therere, nsomba, masamba otendera nsinjiro, kuonjezapo phala la oats lomwe lili m'sitolo iliyonse kuno. Zofunika kuchepetsa ndi nyama yonona, masoseji apakanyenya a Loweruka aja, batala ndi zokazingakazinga. Kudya bwino kumatsitsa kolesterolo, koma kwa ena, makamaka amene adachita kuyamwira ku mtundu, zakudya zokha sizikwanira.

Kolesterolo akakwera thupi silipweteka paliponse, n'chifukwa chake a Cullen amayeza ngakhale anthu ooneka athanzi. Anthu a ku Busselton adasiya ng'ombe ndi masitolo awo n'kukaima pa mzere. Ife ntchito za mashifiti zimatitangwanitsa, eti, koma amene tili ndi Medicare ndipo tafika zaka 45 tikhoza kupempha Heart Health Check kwa GP wathu. Pokonzekera ulendo wotsatira wa ku Busselton, tiyambe taimba foni ku kiliniki.