Leonard Kamungu: mtumiki amene sadathawe munda wouma

Lero tiwerenge Yakobo 1:2-4 ndi Agalatiya 6:9, ndipo tisinkhesinkhe malembawa poyang'ana moyo wa Leonard Kamungu, mbadwa yoyamba ya dziko lino kudzozedwa unsembe mu mpingo wa Angilikani.

Kamungu adabadwa m'chaka cha 1877 ku Chia, kumwera kwa Nkhotakota, pa nthawi imene malonda a akapolo adali atazika mizu m'derali pansi pa ulamuliro wa Jumbe. Ali mnyamata adaphunzira kwa amishoni a UMCA, amene adakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885. Amishoniwo ataona khama lake adamutumiza kukapitiriza maphunziro ku Kiungani, pa chilumba cha Zanzibar, kutali ndi abale, pakati pa anthu a chinenero china. Atabwerera kumudzi adadzozedwa udikoni mu 1902.

Mayeso ake adagona pa zaka zotsatirazo. Adatumikira ku Nkhotakota ndiponso ku Lungwena, m'boma la Mangochi. Anthu ambiri a ku Lungwena adali Ayao amene adali kale ndi chipembedzo chawo cha Chisilamu, choncho olandira uthenga wake adali owerengeka. Mlimi amalimba mtima akamaona mmera ukutuluka, koma Kamungu adalima nthawi yaitali popanda zokolola zoti n'kuloza. Kuwonjezera apo, adakhala dikoni zaka 7, pamene madikoni achizungu kawirikawiri ankadikira chaka chimodzi chokha. Sadanyanyale kapena kusiya ntchito, mpaka adadzozedwa unsembe mu 1909.

M'chaka cha 1910 kudakhazikitsidwa dayosizi ya Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia, ndipo episkopi wake woyamba, John Edward Hine, ankasowa antchito. Kamungu adasiyanso kwawo napita kukayamba mishoni ku Msoro, pakati pa Akunda, kumadzulo kwa Chipata. Kumeneko, kudera lotentha la m'chigwa cha Luangwa, adayenda m'midzi, natsekula sukulu ndi kuphunzitsa ofuna ubatizo. Mu 1912 adabatiza anthu oposa 100.

Sadakhalitse kuti aone ntchitoyo itakula. Adamwalira pa 27 February 1913 asadakwanitse zaka 40, ndipo ambiri adakhulupirira kuti adachita kudyetsedwa chiphe. Komabe mishoni ya Msoro idapitirira, ndipo lero ndiko kuli tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya kummawa kwa Zambia. Kuno kwathu, sukulu yophunzitsa ansembe a Angilikani ku Zomba imatchedwa ndi dzina lake.

N'chapafupi kuyamikira zokolola za ku Msoro n'kuiwala Lungwena. Koma munthu amene adapirira kutentha ndi kusungulumwa kwa ku Msoro adaumbidwa m'zaka zija za munda wouma. Yakobo akuphunzitsa kuti chikhulupiriro chikayesedwa chimabala chipiriro, ndipo chipirirocho chimakhwimitsa munthu. Akuluakulu nawo adati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.

Lungwena alipo m'makomo mwathu muno mu Lilongwe. Alipo kwa mayi wa ku Chinsapo amene wapempherera mwamuna wake womwa mowa kwa zaka zambiri koma osaona kusintha. Alipo kwa mnyamata wa ku Mgona amene amalawirira ku Kanengo ndi makalata a sukulu m'manja, n'kubwerako madzulo wopanda ntchito. Aliponso kwa mkulu wa mpingo ku Kawale kapena ku Area 23 amene amayala mphasa za mapemphero a pakati pa sabata, koma obwera n'kukhala atatu okha. Pa nthawi yotere mdyerekezi amanong'oneza kuti Mulungu wakuiwala, pita kwa sing'anga, kapena tsatira mlaliki amene akulonjeza chozizwa cha msangamsanga ukangopereka ndalama.

Moyo wa Kamungu ukutilangiza kuti tisayese chikhulupiriro chathu ndi zimene maso akuona lero. Chikhulupiriro chokhalitsa chimamangidwa ndi zinthu zooneka zazing'ono zochitidwa mosalekeza: pemphero la pabanja m'mawa ndi madzulo, kuwerenga Mawu, kusonkhana ndi abale ngakhale m'thumba mulibe chopereka, ndi kukhala wokhulupirika pamalo pamene Mulungu watiika. Paulo akukumbutsa Agalatiya kuti nyengo yokolola idzafika kwa amene sadafooke. Ena adzakolola okha, ena adzakololeredwa ndi ana awo monga zidachitikira ku Msoro, koma palibe chofesedwa mwa Ambuye chimene chimatayika.

Tipemphere: Atate wakumwamba, mudalimbitsa mtumiki wanu Leonard Kamungu pa nthawi ya kudikira. Tilimbitseni ifenso kuti tisathawe munda umene mwatipatsa, mpaka tsiku la zokolola. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.