Hugh Tracey, Mlenje wa Nyimbo za Makolo

Kumayiko a Azungu kuli anthu amene amagula ndalama yapepala pamtengo woposa mphamvu yake chifukwa chakuti woyimba wotchuka adalembapo dzina lake ndi dzanja lake. Saigulira kanthu ayi, koma amaisunga m'galasi kuti ikhale chikumbutso. Oyimba akale a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi sadasiye chikumbutso chotere, pakuti luso lawo silidali la cholembera. Chimene chidatsala ndi mawu a ena mwa iwo m'mbale za galamafoni, ndipo amene adawasonkhanitsa ndi Bambo Hugh Tracey.

Bambo Tracey adabadwa m'chaka cha 1903 ku Devon, m'dziko la Mangalande. Akadali mnyamata adapita ku Southern Rhodesia, kumene tsopano ndi Zimbabwe, kukathandiza mkulu wawo kulima fodya. Kumundako adaphunzira Chikaranga ndi nyimbo za antchito anzawo, ndipo adazindikira kuti nyimbo zimene Azungu anzawo ankazinyoza zidali za nzeru zakuya. Mu 1929 adatenga oyimba a Chikaranga kupita nawo ku Johannesburg kuti mawu awo akajambulidwe m'mbale.

Atagwira ntchito zaka zingapo panyumba ya wailesi ku Durban, adadzipereka kwathunthu kuntchito yosaka nyimbo. Ankayenda pagalimoto atasenza makina ojambulira mawu ndi injini yopangira magetsi. Akatha kujambula, ankabwezera nyimbo ija kuti eni ake adzimvere okha, kenaka n'kulemba malo, chiyankhulo, choyimbira ndiponso tanthauzo lake. Mu 1954 adakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo yotchedwa International Library of African Music ku Roodepoort.

Kuno ku Malawi adafikako mu 1950 ndi mu 1958, dziko likadali Nyasaland. Adajambula nyimbo za pamtondo, za bangwe, za kalimba ndi za magule osiyanasiyana. Paulendo wa 1958 adafika ku Visanza, kumene lero ndi boma la Ntchisi, koma nthawi imeneyo kudali pansi pa boma la Kota Kota. Nyimbozi zidalowa m'gulu la mbale zoposa 200 zotchedwa Sound of Africa.

Komabe ntchito yawo siidasowe chilema. Zina mwa ndalama zoyendetsera nkhokweyo zinkachokera ku makampani a migodi, omwewo amene ankakoka amuna kuwachotsa m'midzi. Nyimbo zina zidalembedwa kuti adayimba ndi amayi a Chichewa basi, popanda dzina la mayi ngakhale mmodzi. Ndiponso mbale zija zidakathera m'masukulu akuluakulu a kutali, osati m'midzi imene zidachokera.

Bambo Tracey adamwalira mu 1977, ndipo chaka chotsatira mwana wawo Andrew adasamutsira nkhokweyo ku Rhodes University ku South Africa, kumene nyimbozo zidasungidwanso m'makompyuta.

Ndalama yosainidwa imasunga dzina, koma siyimba. Mbale za ku Visanza zimayimba, koma zina zilibe dzina. Ntchito yotsala ndi ya aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu: kumvetsera nyimbozo pamodzi ndi agogo amene akadali moyo, ndi kulemba mayina a eni mawuwo asadapite omaliza owazindikira.