Du Chisiza ndi funso loti boma la Malawi linayamba lachikhristu

Sabata yatha gulu la WhatsApp la ife achinyamata a ku Wenya linatentha. Mnzathu wina amene amapitapita ku Zambia anati nafenso tilengeze kuti Malawi ndi dziko lachikhristu, monga anachitira Frederick Chiluba mu 1991, poti eti amene anayambitsa boma lathu onse anali anthu a tchalitchi. Nditamufunsa ngati amamudziwa Dunduzu Chisiza, anatchula katswiri wa zisudzo uja wa Wakhumbata. Ayi ndithu, ine ndimanena bambo ake.

Du, monga ankamutchulira anzake, anabadwa mu 1930 ku Florence Bay, komwe lero timati Chitimba, ndipo anaphunzira ku Livingstonia. Mpaka apa mnzathu uja akulondola. Andale ambiri a nthawi imeneyo anatuluka m'sukulu za mishoni, ndipo Kamuzu Banda mwiniwake anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland.

Koma tamvani izi. Du atapita kukaphunzira ku Uganda analowa chipembedzo cha Baha'i, moti mu 1953 anali mmodzi mwa anthu oyamba kuchipititsa ku Ruanda-Urundi, komwe lero ndi Rwanda ndi Burundi. Kenako anakagwira ntchito ku Salisbury, Harare wa lero, komwe anathandiza kuyambitsa City Youth League pamodzi ndi James Chikerema ndi George Nyandoro. Azungu ataona kuti mnyamatayu awavutitsa, anamuthamangitsa mu 1956.

Atabwerako ku Fircroft College ku Birmingham, anakhala mmodzi mwa atsogoleri a Nyasaland African Congress. Mu 1959 dziko litatekeseka, kuno kwathu anthu anatseka bwalo la ndege la Fort Hill, lomwe ndi Chitipa wa lero. Atsamunda analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti pa 3 March, ndipo Du anakatsekeredwa kundende ya Gwelo limodzi ndi Kamuzu. Atatuluka mu 1960 anakhala mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party.

Chaka chomwecho Chester Katsonga anayambitsa chipani chotchedwa Christian Democratic Party. Tangoganizani, chipani chokhala ndi dzina lachikhristu lenileni. MCP ya Du inachitsutsa koopsa, ndipo pa chisankho cha 1961 gulu la Katsonga silinapeze mpando ngakhale umodzi. Anthu sanavotere mpingo. Anavotera kuphwasula chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo pa nkhondo imeneyo Msilamu wa ku Mangochi, Mkatolika wa ku Dedza ndi wa CCAP wa kuno anali mbali imodzi.

Chisankho chitatha, Du anapatsidwa udindo mu unduna wa zachuma. Mtima wake unali pa umphawi wa anthu akumudzi komanso kuopsa koti atsogoleri a maiko omasuka kumene asanduke olamulira mwankhanza. Analemba zimenezi m'buku lake lotchedwa Africa: What Lies Ahead. Mu September 1962 anafa pangozi ya galimoto ku Thondwe, pamsewu wa Zomba, ali ndi zaka 32 zokha. Ufulu wa 1964 sanauone.

Zimene ankaopazo zinachitikadi. Boma la mkulu wa mpingo uja linaletsa a Mboni za Yehova mu 1967, ambiri nkuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Ngodya zake zinayi zinali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, osati chiphunzitso cha mpingo. Ndipo mu 1992 anali mabishopu a Katolika amene anadzudzula boma lomwelo m'kalata yawo.

Ndiye ine yankho langa ndi ili: mishoni inaphunzitsa atsogoleri athu, zoona, koma boma limene anamanga silinali la mpingo. Malamulo a 1994 amapatsa aliyense ufulu wopembedza, ndipo chaka chomwecho tinasankha Msilamu, Bakili Muluzi, kukhala pulezidenti.

Ine Lamulungu sindijomba kutchalitchi, abale. Komabe ndinamufunsa mnzathu uja: tikalemba kuti dziko lino ndi la Akhristu, munthu ngati Du timuika mbali iti? Mpaka pano wangowerenga uthengawo, sanayankhe.