Mbiri ya Lawrence Sperry, amene anaphunzitsa ndeke kudziongola yokha

Ndeke zambiri za masiku ano, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ziri ndi makina ochedwa autopilot, amene amagwira ciongolero pamene woyendetsa akupenya mapu kapena kulankhula pa wailesi. Munthu amene anacukitsa makinawa anali a Lawrence Sperry a ku America, omwe anamwalira pangozi ya ndeke ali ndi zaka 30 cabe.

A Sperry anabadwa pa 21 December, 1892 mumzinda wa Chicago. Atate awo, a Elmer Sperry, anali katswiri wopanga kampasi ya zombo za panyanja yodalira gyroscope. Aka ndi kagudumu kozungulira mwaliwiro, ndipo monga nguli ya ana, kakakhala kakuzungulira sikalola kupendekeka ngakhale cimene cakanyamula citapendekeka.

Ali mnyamata ku Brooklyn, a Sperry anapanga ndeke yopanda injini m'nyumba makolo awo atacokapo, ndipo anacita kugumula zenera kuti aiturutse. Mu 1913 analandira ciphaso coyendetsera ndeke ataphunzira pasukulu ya a Glenn Curtiss ku Hammondsport. Kumeneko anacepetsa makina a atate awo kuti akwane m'ndeke, nawalumikiza ku zingwe zoongolera mapiko ndi mcira. Ndeke ikapendekeka, makinawo anali kuibweza okha.

Pa 18 June, 1914, iwo anapikisana nawo pampikisano wa citetezo ca ndeke pafupi ndi mzinda wa Paris ku France. Pouluka pamwamba pa mtsinje wa Seine, anasiya ciongolero ndi kukweza manja m'mwamba oweruza akupenya. Pobwerera, makanika wawo, a Emile Cachin, anaturuka ndi kuyenda paphiko, koma ndekeyo sinagudubuzike. A Sperry anapata mphotho yoyamba ya ndalama zokwana 50,000 francs.

Koma makinawo anali ndi malire ake, ndipo mwiniwake anadzionera yekha. Mu November 1916, akuuluka ndi mai wina amene anali kumuphunzitsa kuyendetsa ndeke kufupi ndi Babylon pacisumbu ca Long Island, makinawo analeka kugwira ciongolero popanda munthu wocigwira. Ndekeyo inagwera m'madzi, ndipo onse awiri anapulumutsidwa ndi alenje osaka abakha. Vuto limeneli likali kubweretsa ngozi m'ndeke zazing'ono: makina akazima kapena akasokonezeka woyendetsa atataya maso kwina, ndeke imayamba kupendekeka ndi kutsika iye asanazindikire. Ndico cifukwa cake oyendetsa ndeke amaphunzitsidwa kuyesa makinawa asananyamuke, ndi kudziwa kuwazima msanga kuti agwire okha ciongolero.

A Sperry anadziwanso kuopsa kwa mitambo ndi nkhungu. Munthu akalephera kuona pansi ndi kumene thambo lathera, thupi lake limamunamiza, naganiza kuti akuuluka molunjika pamene ndeke ikukhota ndi kutsika. Motero anagwira nawo nchito yokonza cipangizo coonetsa ngati ndeke ikukhota, cimene mtundu wake ukali kupezeka m'ndeke zambiri zazing'ono.

Mu 1917 anatsegula kampani yawo ya Lawrence Sperry Aircraft Company, ndipo mu 1918 anakwatira a Winifred Allen, ocita zisudzo za m'mafilimu. Kampaniyo inapanga kandeke ka munthu mmodzi kochedwa Messenger, kamene a Sperry anali kuyendera monga ena ayendera galimoto. Mu 1922 anakatsitsa pabwalo la nyumba ya malamulo ya Capitol mumzinda wa Washington.

Kandeke ka mtundu womwewo ndiko anakwera paulendo wawo wotsiriza. Pa 13 December, 1923, ananyamuka ku England kuli nkhungu, kuti aoloke nyanja ya English Channel, koma sanafike tsidya lina. Thupi lawo linapezeka pa 11 January, 1924. Anasiya mkazi ndi ana awiri.

Nchito yawo sinathere pomwepo. Mu 1933, a Wiley Post anakhala munthu woyamba kuzungulira dziko lonse paulendo wa pandeke ali okha, mothandizidwa ndi autopilot ya kampani ya Sperry Gyroscope. Ngakhale paulendo umenewo makinawo anavuta m'njira, ndipo anafunika kukonzedwa ulendo usanathe. Kuyambira mu 1936, ku America kumaperekedwa mphotho ya Lawrence Sperry Award kwa acinyamata ocita bwino pa sayansi ya ndeke.