Terry Sawchuk: Goloboyi Amene Anaphunzira Kubisa Ululu

Ambirife sitinaonepo nyanja itauma n'kusanduka ayezi woti anthu n'kuthamangapo. Koma mumzinda wa Winnipeg, m'chigawo cha Manitoba ku Canada, nyengo yozizira imatha miyezi ingapo madzi ali gwa ngati mwala, ndipo ana akumeneko amakulira pa ayezi monga mmene ife tinakulira pabwalo la fumbi ndi mpira wachikulunga. Masewera awo ndi hockey. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 6 m'bwalo, atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chotsetserekera pansi pake. Ndi ndodo zawo amamenya puck, kachimbale kolimba ka labala kolemera pafupifupi magalamu 170, kuti kalowe m'golo la mamita 1.8 m'lifupi mwake. Pagolopo pamaima goloboyi, amene ntchito yake ndi kutchinga kachimbaleka ndi chilichonse chimene ali nacho, ngakhale thupi lake lomwe.

Mumzinda umenewu ndi mmene munabadwira Terry Sawchuk pa 28 December 1929, patangopita miyezi iwiri chuma cha dziko la America ndi maiko ena chitayamba kulowa pansi. Bambo ake, a Louis Sawchuk, anali ochokera kudera la Galicia, mbali imene lero ili m'dziko la Ukraine, ndipo anafika ku Canada akadali mnyamata. Anali mmisiri wa malata, ntchito yonga ya anthu okhoma ndowa ndi zidebe. Mayi ake, a Anne, ankasamalira pakhomo. M'banjamo munabadwa anyamata anayi, ndipo Terry anali wachitatu.

Maliro anagwa kawiri pakhomopo Terry asanakule. Mwana wachiwiri anamwalira ali wamng'ono. Woyamba, yemwe Terry ankamukonda ndi kumutsanzira, anali goloboyi wa hockey, koma anamwalira mwadzidzidzi ndi matenda a mtima ali ndi zaka 17 zokha. Pa nthawiyo Terry anali ndi zaka pafupifupi 10. Zovala zapagolo za mkulu wakeyo zinatsala m'nyumba, ndipo ndi zomwezo zimene Terry anayamba kusewerera m'matimu a ana a m'dera lawo.

Ali ndi zaka 12 anavulala chigongono cha dzanja lamanja akusewera mpira wogwetsana ndi anzake. Anaopa kuti makolo ake akamva amulanga, choncho sanauze munthu. Mkonowo unapola wokha, popanda dokotala kuubwezera m'malo mwake, ndipo unapola mokhota. Pamene madokotala anadzauona, nthawi inali itatha kale. Unatsala wamfupi kuposa wamanzere ndi masentimita pafupifupi 5, ndipo sunkatambasuka bwino. Pambuyo pake anamuchita maopaleshoni atatu pa chigongono chomwecho, koma sichinabwerere mwakale.

Tikamawerenga mbiri yake yonse, nkhani ya chigongonoyi imabwerabe m'maganizo mwathu. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma mwana wa zaka 12 amene waona makolo ake akulira maliro a ana awiri, komanso akudziwa kuti akaulula alandira chilango, chitsekocho satsekula. Amaluma mano n'kumayenda ngati zonse zili bwino.

Luso lake pagolo silinabisike. Ali ndi zaka 14, munthu wofufuza ana aluso wa timu ya Detroit Red Wings anamuona, ndipo timuyo inayamba kumutsatira. Terry ankagwiranso ntchito ya malata, yoika mapaipi otulutsira utsi pamwamba pa ma uvuni a m'mabekale. Mu 1946 a Detroit anamutumiza ku Galt, m'chigawo cha Ontario, kukasewera m'timu yawo ya achinyamata. Anali asanakwanitse zaka 17, ndipo kwawo kunali kutali makilomita oposa 1,000. Kumeneko anapitirizako sukulu mpaka giredi 11.

Mu November 1947 anasaina kontirakiti yosewera molipidwa, ndipo anapita ku timu ya Omaha Knights ku America. Pa tsiku limene ankakwanitsa zaka 18, ndodo ya hockey inamubaya m'diso lamanja masewera ali mkati. Madokotala anasoka disolo n'kulipulumutsa, ndipo patangopita milungu yochepa anabwerera pagolo. Sizoni imeneyo anasankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana mu ligi yawo. Chaka chotsatira anakwezedwa kupita ku Indianapolis Capitals, mu ligi ya American Hockey League, ndipo anapatanso mphoto ya mtundu womwewo. Mu 1950 anathandiza timuyo kutenga chikho cha Calder Cup.

Kuti timvetse chifukwa chake mnyamatayu ankathamangira kubwerera pagolo bala lisanapole, tiyenera kudziwa mmene zinthu zinalili nthawi imeneyo. Ligi yaikulu ya National Hockey League inali ndi matimu 6 okha: Montreal, Toronto, Boston, New York, Chicago ndi Detroit. Timu iliyonse inkadalira goloboyi mmodzi sizoni yonse. Kunena kwina, malo apamwamba a magoloboyi analipo 6 basi, pamene anyamata owafuna anali ambirimbiri. Wopuma chifukwa chovulala ankadziwa kuti wina akhoza kulowa m'malo mwake osachokamonso.

Terry mwiniwake analowa mwa njira yomweyo. Mu January 1950 goloboyi wa Detroit, Harry Lumley, anavulala, ndipo Terry anaitanidwa kuti agwirizire masewera 7. Akuluakulu a timu anakhutira naye kwambiri moti sizoni itatha anamutumiza Lumley ku Chicago, ngakhale kuti anali atangowathandiza kutenga chikho cha Stanley Cup. Golo linatsala m'manja mwa mnyamata wa zaka 20.

Sanawakhumudwitse. Mu sizoni ya 1950 mpaka 1951 anasewera masewera onse 70, timu yake inapambana 44, ndipo m'masewera 11 sanagoletsedwe ngakhale chigoli chimodzi. Anapatsidwa mphoto ya Calder Trophy, n'kukhala woyamba kusankhidwa wosewera watsopano wopambana m'maligi atatu osiyana. Mu 1952, ali ndi zaka 22, Detroit inagonjetsa Toronto kanayi ndi Montreal kanayi mondondozana n'kutenga Stanley Cup. M'masewera 8 amenewo Terry anagoletsedwa zigoli 5 zokha, ndipo m'masewera anayi golo lake silinagwedezeke. Detroit inatenganso chikhocho mu 1954 ndi 1955.

Kaimidwe kake pagolo kanali kachilendo. Magoloboyi ambiri ankaima chiriri, koma iye ankawerama kwambiri, mutu uli pafupi ndi mawondo, kuti aziona puck kudzera pakati pa miyendo ya osewera omwe amutchinga. Zimenezi zinkamuthandiza kugwira, koma zinkaika nkhope yake panjira ya kachimbale kaja, ndipo masiku amenewo magoloboyi sankavala chotchinga kumaso. Pamene anayamba kuchivala mu 1962, n'kuti atasokedwa kumaso masitichi pafupifupi 400. Kuwerama kwa zaka zambiriko kunamupindanso msana, moti tulo ankatiamva movutikira.

Mabala a mumtima ndiwo sanasokedwe. Mkulu woyendetsa timu, Jack Adams, atamulamula kuti achepetse thupi, Terry anatsika ndi makilogalamu pafupifupi 18, ndipo amene ankamudziwa anaona kuti wasintha: anakhala wosachedwa kupsa mtima ndi wokonda kukhala yekha. Mu 1955, atangopambana chikho chachitatu, Detroit inamutumiza ku Boston chifukwa inali ndi mnyamata wina waluso, Glenn Hall. Zimene zinachitikira Lumley zinamuchitikiranso iye. Ku Boston anadwala, ndipo kumayambiriro kwa 1957 anasiya kusewera atatopa m'thupi ndi m'maganizo. Nthawi imodzi imeneyi, pamene anavomera poyera kuti sangathenso, akuluakulu a timu ndi atolankhani ena anamunena kuti ndi wothawa ntchito.

Anabwerera ku Detroit chaka chomwecho, ndipo anaseweranso zaka 13 m'matimu osiyanasiyana. Mu 1967 anatenga Stanley Cup kachinayi ali ndi Toronto. Koma matenda a maganizo amene ankamuvutitsa sanalandire chithandizo, anazama mu mowa, ndipo banja lake linasokonekera. Anamwalira ku New York pa 31 May 1970, ali ndi zaka 40, atavulala m'mimba pokangana ndi mnzake wa timu imodzi. Bwalo la milandu linapeza kuti inali ngozi. Anasiya mbiri ya masewera 103 osagoletsedwa, ndipo inakhala yosafikirika mpaka Martin Brodeur anaipitirira mu 2009.

Mabuku a hockey amamutama Sawchuk chifukwa cha kupirira, ndipo sitingakane kuti anali wolimba mtima. Komabe tikaiyala mbiri yake kuchokera pachiyambi, tikuona kuti chimene mabwana ndi ochemerera ankachitcha kulimba chinayamba ngati mantha a mwana woopa chilango. Chigongono chija dokotala akanatha kuchiwongola mlungu womwewo, akanakhala kuti Terry anali ndi wamkulu mmodzi woti amuuze mopanda mantha. Ambirife tili ndi ana otiyang'ana, kaya m'kalasi, kutchalitchi kapena pakhomo. Pakati pawo pali ena ofatsa, osadandaula, amene timawayamikira kuti ndi osavuta. Bwanji mlungu uno tikhale pansi ndi mmodzi wa iwo, timufunse bwinobwino mmene akumvera, ndipo akatiuza, tiyambe tamuthandiza tisanamudzudzule?