Thaddeus Stevens: Loya Amene Adatembenukira Ukapolo

Ophunzira inu, mukamawerenga mbiri ya munthu musamangoloweza zaka ayi. Muzifufuza pamene moyo wake udakhotera. Tiyeni tione chitsanzo cha Thaddeus Stevens wa ku America.

Stevens adabadwa pa 4 Epulo 1792 ku Danville, m'chigawo cha Vermont. Adabadwa ndi phazi lopindika, ndipo bambo ake adathawa banja iye akadali mwana. Mayi ake ndiwo adakhetsa thukuta mpaka mwanayu adatsiriza maphunziro pa koleji ya Dartmouth mu 1814. Mu 1816 adayamba ntchito ya uloya ku Gettysburg, m'chigawo cha Pennsylvania.

Tsono apa ndiye mutchere khutu. Mu 1821 kudali mlandu wa mayi wina wachikuda, Charity Butler, yemwe ankafuna kuti iye ndi ana ake amasulidwe ku ukapolo. Stevens adaimira mbali ya mwini akapolowo ndipo adapambana. Mayi uja sadaupeze ufulu. Koma m'zaka zotsatira loya yemweyu adasanduka mdani wamkulu wa ukapolo, moti ankaimira m'khoti akapolo othawa ambuye awo.

Pa ndale adakhalapo phungu ku nyumba ya malamulo ya Pennsylvania. Kumeneko, mu 1835, aphungu ena adafuna kufafaniza lamulo la sukulu zaulere. Stevens, pokhala mwana wa mmphawi, adalimbana nawo ndipo lamulolo lidapulumuka.

Adakhala phungu wa Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, kuyambira 1849 mpaka 1853, kenaka kuyambira 1859 mpaka imfa yake. Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 ankatsogolera komiti yopezera boma ndalama zomenyera nkhondoyo. Adalimbikira kuti malamulo oyendetsera dziko asinthidwe: kusintha kwa nambala 13 kudathetsa ukapolo mu 1865, ndipo kwa nambala 14 kudapereka unzika kwa akapolo omasulidwa mu 1868.

Musaganize kuti zonse zidamuyendera. Adafuna kuti minda ya eni akapolo olemera ilandidwe, banja lililonse lomasulidwa lilandire maekala 40. Anzake adakana. Ankadziwa kuti ufulu wopanda munda ndi njala basi. Mu 1868 adatsogolera nawo mlandu wofuna kuchotsa Pulezidenti Andrew Johnson pampando, koma Johnson adapulumuka ndi voti imodzi yokha.

Stevens adamwalira pa 11 Ogasiti 1868 ku Washington. Adadzisankhira yekha manda aang'ono mumzinda wa Lancaster chifukwa ankalandira maliro a anthu a khungu lililonse.

Tsopano ganizirani bwino. Kodi ntchito zake za m'Congress zidafafaniza zimene adamuchita Charity Butler? Poyankha, musamutamande chabe kapena kumunyoza chabe; ikani mbali zonse ziwiri pa sikelo, ndipo mupereke umboni wochokera m'mbiriyi.